Kodi kompyuta imalosera bwanji fayilo imene nditsegule, nanga ndizifufuta foda ya Prefetch?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Balaka:

"Zikomo akatswiri. Ndili ndi kashopu kotayipa, kusindikiza ndi kupanga fotokope. Ndimagwiritsa ntchito laputopu imene ndinagula kwa munthu, ya Windows 10, RAM yake ndi 4 GB. M'mawa ndikaiyatsa pamatha mphindi zingapo kagetsi ka disiki kakungoyaka, osatheka kutsegula chilichonse, makasitomala ali chilili pakhomo. Mnyamata wina wokonza makompyuta ataiona anapeza chinthu chotchedwa SysMain, disiki ili pa 100%. Anati chinthuchi chimalosera mafayilo amene nditsegule, ndipo anandilangiza kuti ndichizimitse, komanso kuti ndizifufuta za m'foda ya Prefetch sabata iliyonse. Mwana wa achemwali anga naye akuti ngati kompyuta ikudziwiratu zimene ndichite ndiye kuti pali wina amene akundizonda. Ine ndimasunga ma CV ndi makalata a anthu, ndiye nkhawa yandigwira. Zoona zake n'ziti?"

Yankho

Khazikani mtima pansi, mayi. SysMain si vayirasi, ndipo palibe munthu amene wakhala kwinakwake n'kumawerenga makalata a makasitomala anu kudzera m'menemo. Ndi mbali ya Windows yeniyeniyo, imabwera nayo kuchokera kwa eni ake. Mnyamatayo sananame ponena kuti imalosera. Koma pa malangizo ake awiriwo, lofufuta za m'foda ya Prefetch lisiyeni ndithu, silikupindulirani kanthu. Lozimitsa SysMain nthawi zina limathandiza, koma n'lofunika kuliyesa kaye, osangolimeza. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ine chala changa chikuloza kwina: disiki yanu ndi yochedwa, RAM (malo amene kompyuta imaikamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo) ndi yochepa, ndipo SysMain ikungosenza mlandu wa anzake.

Tiyambire pa disikiyo, chifukwa popanda kuimvetsa nkhani yonse ya kulosera ilibe mutu. Malaputopu ambiri a 4 GB amene amagulitsidwa atagwira kale ntchito ali ndi hard disk yozungulira ija. M'kati mwake muli mbale yopyapyala imene imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pake kukawerenga. Kompyuta ikafuna kachidutswa ka fayilo, kamkonoko kamayenera kusuntha kufika pamzere woyenera, kenako kudikira kuti mbale izungulire mpaka malowo afike pansi pake. Ulendo umodzi wotere umadya mamilisekondi 10 mpaka 20 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Kumvera chabe ndi kanthawi kosanunkha kanthu, koma tanthauzo lake n'lakuti pa sekondi imodzi disikiyo singatole zidutswa zobalalika zoposa 100. Ngati chidutswa chilichonse ndi cha 4 KB, ndiye kuti pa sekondi yonse mwapeza zosakwana theka la MB. Disiki yomweyo ikamawerenga zinthu zondondozana, kamkono osadumphadumpha, imafika cha m'ma 100 MB pa sekondi. RAM ndiye musaiyerekeze n'komwe. Imayankha mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 100,000 poyerekeza ndi ulendo umodzi wa kamkono kaja.

Tsono mukadina Word musaganize kuti kompyuta ikutsegula fayilo imodzi. Imafuna winword.exe, mafayilo ambirimbiri othera ndi .dll, mafonti, Normal.dotm imene imasunga maonekedwe a tsamba lanu, ndi kapulogalamu kolankhula ndi printer. Ndiponso sizitengedwa zathunthu. Pulogalamu imayamba kuyenda, n'kupeza kuti kachidutswa kena mulibe mu RAM, imaima, imapempha ku disiki, imadikira, imayenda pang'ono, imaimanso. Kuimaima kotereku kumachitika maulendo mazanamazana, ndipo nthawi yonseyo purosesa imangokhala manja lende. Njira yochepetsera kudikirako ndi kutengeratu zinthu ku disiki zisanapemphedwe. Koma kuti utengeretu, uyenera kuganiza chimene chipemphedwe.

Kuganiza kosavuta kwambiri n'kwakuti chimene wachigwiritsa ntchito posachedwa, uchifunanso posachedwa. N'chifukwa chake mukatseka Word n'kuitsegulanso, ulendo wachiwiriwo imatseguka msanga: Windows sinataye zidutswa zija, inangozisiya mu RAM. Malo akachepa, imataya chimene chakhalitsa osakhudzidwa. Mu 1966, László Bélády wa ku IBM anasonyeza kuti njira yoposa zonse ikanakhala yotaya chimene chidzachedwe kwambiri kufunikanso m'tsogolo. Koma palibe makina odziwa za mawa, choncho njira yakeyo inangotsala ngati muyezo woyezera njira zina. Zonse zimene zabwera pambuyo pake ndi kuyesa kuyandikira pamenepo pogwiritsa ntchito zadzulo.

Palinso kulosera kwa m'kati mwa fayilo imodzi. Kompyuta ikaona kuti mwawerenga gawo loyamba ndi lachiwiri motsatizana, imatsogola n'kutengeratu lachitatu. Pa Linux, imene ena amagwiritsa ntchito m'malo mwa Windows, muyezo wa kutengeratu kumeneku umene imabwera nawo ndi 128 KB. Kumeneku sikuphonya kawirikawiri, ndipo n'kumene kumathandiza kuti vidiyo ya pa disiki isamadukeduke.

Kumene mwafunsa inu ndi kovutirapo: tikachoka pa fayilo iyi, ibwere iti? Ganizirani mwini gulosale amene wakhalitsa pamalo amodzi. Kasitomala wina akangoti "shuga", dzanja la mwini gulosaleyo lafika kale pa masamba a tiyi, chifukwa nthawi zonse munthuyo amagula ziwirizi pamodzi. Sanalowe m'mutu mwa kasitomalayo ayi, wangosunga chizolowezi chake. Tsiku lina kasitomalayo akati "shuga ndi sopo", masamba aja abwerera pa shelefu, ndipo kamphindi katayika. Kulosera kwa kompyuta n'komweko, palibe matsenga ena.

Njira yophweka ndi kukumbukira zimene zinatsatira ulendo wathawu: fayilo A itatsegulidwa inatsatira B, ndiye lero A ikatsegulidwa, B itengedweretu. Ikuoneka yachibwana koma imalondola modabwitsa, chifukwa mafayilo ambiri satsegulidwa ndi munthu, amatsegulidwa ndi mapulogalamu, ndipo pulogalamu imachita zinthu mwa ndondomeko imodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mu 1994, James Griffioen ndi Randy Appleton a pa University of Kentucky anati m'malo mokumbukira ulendo umodzi, kompyuta iziwerengera maulendo onse. Tiyerekeze kuti pa maulendo 10 amene A yatsegulidwa, B yatsatira ka 8, C ka 2. Ndiye B itengedweretu, C isiyidwe, chifukwa mwayi wake sukufika pamlingo umene waikidwa. Mu 1996, Thomas Kroeger ndi Darrell Long a pa University of California, Santa Cruz, anabwereka nzeru kwa anthu opanikiza mafayilo kuti achepe: osayang'ana fayilo yomaliza yokha, koma mafayilo awiri kapena atatu omaliza. Pajatu fayilo imodzi ya font ingatsegulidwe ndi Word kapena ndi Chrome, ndipo chotsatira chake chimadalira amene waitsegula. Mafayilo a m'mbuyowo ndi amene amaulula kuti ndi ndani. Anthu a Linux alinso ndi kapulogalamu kotchedwa preload, kamene Behdad Esfahbod analemba cha m'ma 2005, kogwira ntchito ndi masamu a mwayi omwewa.

Microsoft itafika pa Windows XP mu 2001 inasankha njira yosafuna masamu ambiri, n'kuitcha Prefetcher. Mukatsegula pulogalamu, Windows imaiyang'anira kwa masekondi pafupifupi 10 oyambirira, n'kulemba mafayilo ndi zidutswa zonse zimene pulogalamuyo yapempha. Mndandandawo imausunga mu C:\Windows\Prefetch, m'kafayilo kothera ndi .pf. Mukalowamo mupeza mayina ngati WINWORD.EXE, kamzere, kenako zilembo ndi manambala 8 zosakanikirana zimene zimachokera pa malo amene pulogalamuyo imakhala pa disiki. Ulendo wotsatira mukadina Word, Windows imayamba yawerenga mndandanda uja, n'kutenga zonse pakamodzi, itazisanja kuti kamkono kasamayende uku ndi uku. Zimene zikanatoledwa chimodzichimodzi, pulogalamu ikuimaima, zimabwera m'maulendo ochepa.

Chimene anthu ambiri samvetsa n'chakuti mafayilo a .pf si mapulogalamu, ndipo Windows siiyambitsa mapulogalamu onse amene ali m'fodayo mukayatsa kompyuta. Prefetcher imawerenga kafayilo ka Word pamene mwatsegula Word. Ngati munachotsa pulogalamu ina chaka chatha, kafayilo kake kangokhala phee, sikachedwetsa chilichonse, ndipo Windows imachotsa yokha zakale malo akadzaza. Kale malire anali mafayilo 128, kuyambira Windows 8 ndi 1,024. Foda yonseyo ndi ya ma MB ochepa, moti ngakhale malo simupulumutsa. Mukafufuta, chimene mwachita n'kuiwalitsa Windows zimene inaphunzira. Word, Chrome ndi pulogalamu ya scanner zitseguka mochedwa kuposa kale mpaka mndandanda utalembedwanso, ndipo ukangokhazikika, sabata yatha, mwafufutanso. Langizo limeneli linayamba kuyendayenda pa intaneti nthawi ya XP ndipo mpaka lero likukana kufa. Ndimalimva ngakhale kwa anyamata odziwa ntchito yawo bwino, choncho mnyamata wanuyo musamunyoze, nayenso anachita kumva.

SysMain ndi nkhani ina. Inabwera ndi Windows Vista mu 2007 ikutchedwa SuperFetch, ndipo dzina la SysMain linayamba kuoneka pa mndandanda wa services mu Windows 10 chakumapeto kwa 2018. Prefetcher imadikira kuti mudine kaye. SuperFetch sidikira. Imasunga mbiri yaitali ya zimene mumagwiritsa ntchito, mpaka nthawi ya tsiku ndi tsiku la sabata, ndipo ikaona kuti mu RAM muli malo, imalowetseratu zimene ikuganiza kuti mufuna. Chitsanzo chimene a Microsoft ankapereka nthawi imeneyo ndi cha nkhomaliro. Mwasiya kompyuta kukadya, antivirus yayamba kusanthula disiki yonse n'kukankhira kunja zinthu zanu zimene zinali mu RAM, ndipo mukabwerera chilichonse chikuchita kukwawa. SuperFetch imazibwezeretsa antivirus ikangomaliza, inu musanafike pampando.

Apa ndi pomwe anthu amabwera kwa ine akudandaula kuti RAM yadzaza chikhalirecho sanatsegule kanthu. Mu Task Manager, pulogalamu yoonetsa zimene kompyuta ikuchita, pansi pa Performance ndi Memory, muona nambala yolembedwa Cached ndi ina yolembedwa Available. RAM yopanda kanthu siikukuthandizani. Zambiri zimene zili mu Cached zimatayidwa nthawi yomweyo pulogalamu ikafuna malo, osavutikanso kuzilemba kwina, chifukwa zilipo kale pa disiki. Nambala yoti izikudetsani nkhawa ndi Available. Ikamatsikira ku ma MB mazana ochepa muli pa ntchito, ndiye kuti RAM yachepadi.

Nanga bwanji kwa inu chinthu chofuna kuthandiza chikuoneka ngati chikupweteka? Kulosera si kwaulere. Kukalondola mwapindula masekondi angapo. Kukaphonya, disiki yagwira ntchito yachabe, ndipo pa laputopu batire nalo ladyeka. Mapempho a SysMain amaikidwa kumbuyo kwa mzere kuti anu azidutsa patsogolo. Pongofotokoza zimamveka bwino. Koma kamkono ndi kamodzi. Kakapita kukatola za SysMain, pempho lanu lidikira kuti kamalize kabwerere, ndipo pa disiki ya 5,400 kudikirako kumamveka ndithu. Onjezerani kuti pa 4 GB, Windows 10 yokha yatenga kale pafupifupi theka, Chrome ndi Word n'kugawana zotsalazo. SysMain ikalowetsa chinthu, posakhalitsa chatulutsidwa chifukwa malo asowa, kenako ikuchilowetsanso. Ndipo m'mawa si SysMain yokha imene ili pa disiki. Windows Update ikufufuza zatsopano, Defender, antivirus ya Windows, ikusanthula, Windows Search ikulemba mndandanda wake, OneDrive yosungira mafayilo pa intaneti ikudzuka, pamodzi ndi mapulogalamu onse amene anadziika okha kuti aziyamba kompyuta ikayaka. Onsewa akulimbirana kamkono kamodzi. Pa makompyuta otere amene ndawaona, kawirikawiri ukazimitsa SysMain dzina lina limangokwera pamwamba pa mndandanda, disiki n'kukhalabe pa 100%.

Ntchito yanu ilinso ndi mbali imene kulosera sikungaigwire. Kasitomala akabwera ndi flash yake kuti mumusindikizire CV, fayiloyo kompyuta sinaionepo. Palibe mbiri, ndiye palibe cholosera. Windows ingakonzekeretu Word ndi printer, koma osati chikalata cha munthu amene walowa pakhomo panu koyamba. Kuchedwa kwa pamenepo ndi kwa flash yomweyo ndi antivirus imene ikuisanthula, ndipo kusanthulako musakuletse, mukudziwa nokha zimene ma flash oyenda m'mashopu amanyamula. Kwinaku ngati batire linafa ndipo laputopu imazima magetsi akangothima, RAM imakhuthuka yonse ulendo uliwonse, SysMain n'kuyambiranso kudzaza. Ndiye mavuto a m'mawa aja mumakumana nawo kangapo pa tsiku.

Tibwere kwa mwana wa achemwali anu. Zimene Prefetcher ndi SysMain zimalemba zimasungidwa m'kompyuta yanu, ndipo ntchito yake ndi ya momwemo. Kafayilo ka .pf sikakopera mawu a m'makalata. Windows imatumizadi malipoti ena ku Microsoft, koma imeneyo ndi nkhani yapadera, mumaipeza pa Settings, Privacy, Diagnostics & feedback, ndipo kuzimitsa SysMain sikuithetsa. Komabe mwanayo sanaphonye kotheratu. Kafayilo ka .pf kamasunga dzina la pulogalamu, maulendo amene yatsegulidwa, ndipo kuyambira Windows 8 kamasunganso nthawi 8 zomaliza zimene inatsegulidwa. Mayina a mafayilo amene anakhudzidwa m'masekondi oyambirira aja amakhalamonso, ndiye ngati munatsegula Word podina chikalata, dzina la chikalatacho likhoza kupezekamo. Akatswiri ofufuza milandu ya pa kompyuta amaikonda fodayi pa chifukwa chomwechi: munthu angafufute pulogalamu, koma kafayilo kake n'kutsala kakuchitira umboni kuti inatsegulidwa tsiku lakuti nthawi yakuti. Koma wowerenga zimenezi ayenera kukhala ndi laputopu yanu m'manja, kapena atailowa kale ndi mphamvu za administrator, ndipo munthu woteroyo sangavutike ndi .pf, angotsegula ma CV enieniwo. Chitetezo cha makasitomala anu chagona pa password yabwino, pa kusalola aliyense kukhala pa akaunti yanu, ndi pa kufufuta zikalata za anthu ntchito ikatha, pokhapokha eni ake atapempha kuti muwasungire.

Pali kulosera kumodzi kumene kumatulukadi kunja, ndipo kumadya ndalama. Mu Settings ya Chrome fufuzani mawu akuti Preload pages. Chimenechi chikakhala choyatsa, Chrome imatengeratu masamba amene ikuganiza kuti mudina. Ngati mumalumikiza laputopu ku foni n'kumagwiritsa ntchito bandulo, tsamba limene simunaliwerenge n'komwe mwalilipira. Chimenecho ndiye zimitsani basi.

Tsopano zochita. Zina sizifuna ndalama. Yatsani laputopu mukangofika, muisiye ichite zake pamene mukusesa ndi kukonza mapepala, kuti kasitomala woyamba aipeze itakhazikika. Masana musamaizimitse ndi Shut down, gwiritsani ntchito Sleep, chifukwa Sleep imasiya zonse mu RAM mmene zinalili. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Startup, muletse mapulogalamu onse amene simuwafuna m'mawa. Kuwaletsa pamenepo si kuwachotsa, mukawafuna muwatsegula nokha.

Muli momwemo, pitani pa Performance mudine Disk. Pa Windows 10 ya posachedwapa pamalembedwa ngati disikiyo ndi HDD, yozungulira ija, kapena SSD, disiki yamakono yopanda mbale. Yang'anani manambala awiri: liwiro lowerengera, ndi Average response time, nthawi imene disiki imatenga kuti iyankhe pempho. Active time ya 100% sikutanthauza kuti disiki yadzaza ayi, ikutanthauza kuti ilibe mpata wopuma. Mukaona 100% koma liwiro lili 1 MB kapena 2 MB pa sekondi, ndi kamkono kaja kakudumphadumpha. Mukaona response time ikufika masauzande a mamilisekondi ngakhale patatha theka la ola chiyatsireni, yambani kuikayikira disikiyo. Pansi pa tsamba lomwelo pali Open Resource Monitor, ndipo gawo lake la Disk limaonetsa pulogalamu iliyonse ndi mafayilo amene ikuwerenga. Pamenepo ndi pomwe mungaone ndi maso anu ngati ndi SysMain kapena Windows Update imene yakakamira.

Mukafuna kuyesa langizo la mnyamatayo, yesani ndi wotchi, osati ndi maganizo. Kwa masiku angapo, werengani pa foni masekondi kuchokera podina batani loyatsa mpaka Word itatseguka ndipo mukutha kutayipa. Kenako dinani batani la Windows ndi R, lembani services.msc, pezani SysMain, dinani Stop, n'kusintha Startup type kukhala Disabled. Gwirani ntchito sabata yathunthu mukuwerengabe masekondi, komanso mukuona mmene ikuchitira masana, osati m'mawa mokha. Nthawi zambiri kagetsi ka disiki kamazima msanga m'mawa, koma pulogalamu iliyonse imachedwa mukaitsegula koyamba, ndiye kudikira kuja kwangosamukira nthawi ina. Dziwaninso kuti mu Windows 10, ntchito yopanikiza zinthu mu RAM kuti zikwane imadalira SysMain yomweyo. Pa kompyuta ya 4 GB ntchito imeneyi ndi yofunika, chifukwa popanda iyo Windows imathamangira kulemba pa disiki yochedwa ija malo akangochepa. Ngati sabata yatha ndipo mwapindula, isiyeni yozima, palibe chimene chionongeke. Ngati palibe kusiyana, ibwezereni pa Automatic. Za kulowa mu Registry, m'mene Windows imasungamo malamulo a kagwiridwe kake, kukasintha manambala, monga mmene ena amalangizira, musayerekeze.

Ndikanakhala inu, ndalama yoyamba imene shopu ingapatule ndikanagulira SSD. Mu SSD mulibe mbale, mulibe kamkono. Chidutswa chilichonse, kaya chili pati, chimafika pa nthawi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milisekondi, kutanthauza kuti pa zinthu zobalalika imaposa hard disk kuwirikiza ka 100 kapena kupitirira. Kulosera konse kuja kunapangidwa pofuna kubisa kuchedwa kwa kamkono, moti kamkono kakachoka phindu lake limachepa kwambiri. A Microsoft eni ake anazindikira zimenezi: kuyambira Windows 7 mu 2009, Windows ikapeza SSD yothamanga imachepetsa yokha kutengeratu kumeneku, osafuna kuti munthu aiuze. Malaputopu ambiri akale amalandira SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, imene imalowa pamalo pomwe panali hard disk. Ya 240 GB kapena 256 GB ikukwanirani pa ntchito yotayipa. Ndaona malaputopu amene eni ake anali atawataya mtima akuyambanso kuyaka m'masekondi osakwana 30 chifukwa cha kusintha kumeneku kokha.

RAM ibwere pambuyo. Kuchoka pa 4 GB kufika 8 GB kumapatsa SysMain malo oikamo zimene yalosera osazitulutsanso. Koma wokonzayo ayambe waona ngati laputopu ili ndi malo owonjezerapo, ndi mtundu umene imalandira, kaya DDR3, DDR3L kapena DDR4, chifukwa si zonse zimene zimalowana. Aonenso ngati Windows yanu ndi ya 64-bit, pakuti ya 32-bit siigwiritsa ntchito zopitirira 4 GB ngakhale mutaikamo zochuluka bwanji. Ngati batire linafa, nalo liikeni pa mndandanda, chifukwa kuzima kwadzidzidzi kumaononga mafayilo ndipo hard disk sikukonda.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka simuyenera kudikira sabata yoyesera ija. Mukamva kaphokoso kogogoda mobwerezabwereza m'kati mwa laputopu, kapena kompyuta ikamauma kwa mphindi yathunthu n'kuyambanso yokha, kapena fayilo ikakana kukopeka pakati panjira, kapena Windows ikamakonza disiki yokha pafupipafupi poyaka, disikiyo ikhoza kukhala ikufa. Disiki yodwala imabwerezabwereza kuwerenga malo owonongeka, ndipo mu Task Manager imaoneka chimodzimodzi, 100%, SysMain n'kusenzanso mlandu. Pali kapulogalamu kaulere kotchedwa CrystalDiskInfo kamene kamawerenga lipoti la disiki yokhayo n'kulemba Good, Caution kapena Bad. Mukaona Caution kapena Bad, tsiku lomwelo koperani zofunika zonse pa flash kapena pa disiki ina, kuyambira ndi zimene simungathe kuzipanganso. Musachite defragment, kumene ndi kusanjanso zidutswa za mafayilo pa disiki, musalole aliyense kuyamba kukonza disikiyo zinthu zanu zisanakopedwe, chifukwa ntchito zoterozo zimaipanikiza ndipo zikhoza kuimaliza. Ngakhale kapulogalamuko katalemba Good, phokoso logogoda lisanyozedwe. Ndipo disiki ikakhala bwino, SSD mwaika, koma kompyuta ikuchedwabe ndipo mu Resource Monitor mukuoneka dzina la pulogalamu yosadziwika, ipititseni ikasanthulidwe mavayirasi.

Popita kwa wokonza, khalani pomwepo ngati n'kotheka, popeza muli zikalata za anthu. Mufunseni atsegule CrystalDiskInfo pa SSD imene akukugulitsaniyo muone Power On Hours: yatsopano imaonetsa maola ochepa kwambiri, yogwira kale ntchito imadziulula yokha. Hard disk yakale musaisiye kumeneko ngakhale atakuuzani kuti ndi yakufa. Itengeni, ndipo ngati ili bwino muigulire kabokosi ka USB izikhala posungira makope. Mufunseninso za Windows yeniyeniyo, chifukwa Microsoft inaika 14 October 2025 kukhala tsiku lomaliza lothandizira Windows 10. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8, ndiye aone ngati laputopu yanu ikukwanitsa. Ngati siikwanitsa, mukambirane zoika Linux Mint m'malo mwa Windows, koma ayambe wayesa ngati printer ndi scanner yanu zikugwira ntchito pamenepo asanafufute chilichonse.